Ting'oma Tosaoneka ndi Maso

Kuno kuchigwa cha Luangwa, mayi woyembekezera amawerenga miyezi yake pamodzi ndi miyezi ya mtsinje. Amene akuyembekeza kuchira mu Ogasiti kapena mu Seputembala sada nkhawa ndi njira, chifukwa nthawi imeneyo mtsinje wa Lupande umakhala uli mchenga wokhawokha ndipo njinga imawoloka bwinobwino. Amene tsiku lake lagwa mu Febuluwale ndiye amagona tulo tochepa. Mitsinje ya Lupande ndi Msandile imakhala itasefukira, dothi lakuda la m'madambo limamata mpaka ngolo kukanika, ndipo midzi ina ya kwa Malama, kwa Nsefu ndi kwa Msoro imatha masiku galimoto osafikako. Usiku nawo uli ndi eni ake, pakuti njovu zochokera m'nkhalango ya South Luangwa zimayenda m'njira zomwezo zimene anthu amadzera masana. Choncho m'boma la Mambwe, banja likadziwa kuti mwana abwera liti ndiponso wagona motani, limadziwanso tsiku lonyamuka kukadikira pafupi ndi chipatala madzi asanatseke njira.

Pa sikelo, mzamba amadalira manja ake, tepi yoyezera mimba, ndi kanyanga komvera mtima wa mwana, kamene dokotala wa ku France, Adolphe Pinard, anakonza mu 1895. M'manja mwa mzamba wodziwa ntchito yake, zida zimenezi zapulumutsa anthu osawerengeka, ndipo ine ndimazilemekeza. Komabe zili ndi pothera. Mayi amene watenga pathupi akadayamwitsa, kawirikawiri sadziwa mwezi umene mimba inayamba. Mapasa amatha kubisalirana mpaka tsiku lomaliza. Nsengwa ikakhala pakhomo pa chiberekero, dzanja silingaipeze, ndipo chizindikiro choyamba chimatha kukhala magazi. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo m'chipinda cha amayi mawuwa akhala akupherezeka kwa mibadwo. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti m'Zambia, pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo, amayi 278 ankamwalira ali ndi pakati, pochira, kapena atangochira kumene.

Mu 2016 bungwe la WHO linalangiza kuti mayi aliyense woyembekezera ajambulidwe ndi makina a sikani kamodzi masabata 24 asanakwane. Langizo ndi labwino, koma makina amene ambirife timawadziwa, zidzukulu za aja amene Ian Donald ndi anzake analemba za iwo ku Glasgow mu 1958, ndi aakulu, oyenda pa mateyala, odula, ofuna magetsi osazimazima ndi katswiri wophunzira zaka. Kwawo n'kuzipatala zikuluzikulu. Kuchokera ku Mfuwe kukafika ku Chipata pali makilomita oposa 100, ndipo mayi amene sakumva kupweteka paliponse sangagulitse thumba la mpunga kuti alipire ulendo wongokajambulitsa.

Alamu anga ndi mzamba pa kachipatala kena ka m'boma lino. Atabwerako ku maphunziro ku Lusaka, nkhani inali imodzi pakamwa pawo: kachida ka sikani kam'manja.

"Alamu, kanthu kake n'kokwana m'thumba la yunifolomu. Mumangokalumikiza ku foni, mwapaka mafuta pamimba, mwana uyo waonekera pagalasi."

"Nanga m'katimo muli chiyani?" ndinawafunsa.

"Zimenezo n'zanu aphunzitsi. Ife tikufuna tione kumene kuli mutu."

Ananena zoona. Ntchito yawo ndi kuona mutu wa mwana, yanga ndi kuphunzitsa sayansi pa sekondale, ndipo funso lija linali langadi. Ndinalitsata, ndipo linandifikitsa pa kanthu kakang'ono kwambiri kamene tsopano ndimakaganizira ngati nkhani ya kwathu kuno.

Khutu la munthu limamva mpweya ukamanjenjemera kuyambira ka 20 mpaka ka 20,000 pa sekondi. Makina a sikani amatumiza m'thupi mawu onjenjemera mamiliyoni angapo pa sekondi, amene khutu silingawamve. Amatumiza kamawu kafupi, n'kukhala chete kumvetsera kubwerera kwake. M'thupi mawu amathamanga mamita pafupifupi 1,540 pa sekondi, moti kupita masentimita 10 ndi kubwerako angathe kutero maulendo oposa 7,000 sekondi imodzi isanathe. Mawu akagunda chigaza, mtima kapena nsengwa, ena amabwerera. Nthawi imene atenga imauza makina kuti chinthucho chili pakuya bwanji, ndipo mphamvu imene abwerera nayo imawauza kuti achiwalitse motani pagalasi.

Makina akale amatulutsa mawuwa ndi mtundu wina wa mwala. Mu 1880 abale awiri, Jacques ndi Pierre Curie, anapeza kuti miyala ina ikafinyidwa imatulutsa magetsi, ndipo posakhalitsa zinadziwikanso kuti ikapatsidwa magetsi imafufuma kapena kufota pang'ono. Mwala wotero amaucheka tizidutswa topyapyala, kalikonse n'kukalumikiza ku waya wake. Ntchito imeneyi ndi yodula, ndipo chida chilichonse chimatuluka ndi liwu lakelake: china choonera pakuya, china choonera pafupi ndi khungu. Zida zambiri zam'manja za masiku ano zikadali za mwala womwewu, koma kamene anaona alamu anga n'kamtundu wina.

M'kati mwake muli ting'oma masauzande. Kalikonse ndi kadzenje kosemedwa pa silikoni, kochotsedwa mpweya, n'kuvindikiridwa ndi nembanemba yopyapyala. M'lifupi mwake n'chimodzimodzi kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo mpata wa pakati pa nembanemba ndi pansi pa kadzenje sukwana n'komwe gawo limodzi la milimita yogawidwa ka 1,000. Nembanemba ndi pansi pa kadzenje zonse zimadutsa magetsi. Mukaikapo mavolti, mbali ziwirizi zimakokana, nembanemba n'kupindikira pansi. Mukamasinthasintha mavoltiwo mamiliyoni angapo pa sekondi, nembanemba imanjenjemera n'kutulutsa mawu. Mawu akabwerera kuchokera m'thupi amaigwedeza, mpata umasintha, magetsi nawo amasintha, ndipo makina amawerenga kusinthako. Kang'oma komweko ndiko kalankhula, ndikonso kamva. Akatswiri amatitchula mwachidule kuti CMUT.

Nzeru yake si ya dzana. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, Paul Langevin ndi Constantin Chilowsky ku France anayesa kutulutsa mawu m'madzi ndi kukokana kwa magetsi kotereku pofuna kupeza sitima zoyenda pansi pa nyanja. Zinavuta, chifukwa kuti kukokako kukhale ndi mphamvu pankafunika mavolti okwana miliyoni pa sentimita iliyonse ya mpata, ndipo mu 1917 Langevin anatembenukira ku mwala. Chimene chinatsegula njira ndi luso losema silikoni limene linabwera ndi makompyuta. Mpata ukakhala wochepa ka 10,000 poyerekeza ndi sentimita, mavolti 100 okha akwanira kuchita zimene zinkafuna miliyoni. Mu 1994, pa yunivesite ya Stanford ku America, Matthew Haller ndi Pierre Khuri-Yakub anaonetsa ting'oma toyamba tosemedwa motere. Mu 2017 kampani ya Butterfly Network, imene anayambitsa Jonathan Rothberg, inaloledwa kugulitsa chida cham'manja chokhala ndi ting'oma pafupifupi 9,000, pa mtengo wosafika madola 2,000.

Amene anaonererapo kawambidwe ka ng'oma amadziwa kuti mmisiri amakonza liwu lake pang'onopang'ono. Amakunga chikopa, amaomba, amamvetsera. Ikalira mogontha amaiwotha pamoto, ikalira mopyola amamata phula pakati. Wopanga ting'oma ta silikoni alibe mwayi wotero. Timapangidwa tonse nthawi imodzi m'fakitale yosalowa fumbi, ntchito yotenga masabata ambiri ndi ndalama zochuluka, ndipo tikatuluka palibe chala chimene chingatikonze. Ayenera kudziwiratu mmene kang'oma kadzalirire kasanapangidwe. Apa ndi pamene pamalowa kuyerekezera pa kompyuta: kumanga kang'oma ka manambala okhaokha, kukapatsa magetsi a manambala, n'kuona mmene kapindikire.

Nkhani yonse yagona pa mphamvu ziwiri zimene zimalimbana. Yoyamba ndi ya magetsi, imene imakokera nembanemba pansi. Yachiwiri ndi kuuma kwa nembanembayo, kumene kumafuna kuibwezera pamalo pake. Mphamvu ziwirizi sizikula mofanana. Kuuma kumakula mwaulemu: nembanemba ikapindika kawiri, kukana kwake kumakulanso kawiri. Kukoka kwa magetsi n'kwaukali: mukawirikiza mavolti kawiri kumakula kanayi, ndipo mpata ukachepa ndi theka kumakulanso kanayi. Ndiye taonani. Magetsi akoka, nembanemba yatsika. Potsikapo mpata wachepa. Mpata ukachepa kukoka kwakula, ndipo kukoka kukakula nembanemba itsikanso. Kodi kuthamangitsana kumeneku kukathera pati?

Funso limeneli ndimaliyankha ndi ophunzira anga a makalasi akuluakulu, pa bolodi, ndi choko ndi kakyuleta. Timapeputsa nkhani poyerekeza kuti nembanemba ndi kachivindikiro kafulati kopachikidwa pa sipuling'i, ndipo mpata timaugawa magawo 100. Pali mlingo wa mavolti umene ndi malire. Tiyeni tiutche 100. Tikapereka mavolti 90, kuwerengera koyamba kumati kachivindikiro katsika magawo 12. Koma pamenepo mpata wotsala ndi 88, kukoka kwakula, ndiye tiwerengerenso: 15. Tibwerezenso: 17. Kenako manambala amayamba kukwawa mpaka kuima pafupi ndi 18. Pamenepo mphamvu ziwiri zija zagwirizana, ndipo kachivindikiro kakhazikika.

Tikatero timayesa mavolti 105. Manambala amayamba bwino: 16, 23, 28, 31, 35. Pofika apa ana amaganiza kuti atsala pang'ono kuima. Koma amapitirira: 38, 43, 50, 65, kenako 134. Mtsikana wina anakweza dzanja nati, "Aphunzitsi, 134 pa 100? Ndiye kuti kaboola pansi!" Ndinamuuza kuti sikaboole ayi, kagwa n'kumatirira pansi pa kadzenje, ndipo nambala yosatheka ija ndi njira ya masamu yotiuza kuti palibenso poima. Kalasi yonse inakhala chete kuyang'ana bolodi, chifukwa inali itaona ndi maso ake chinthu chikugwa m'kati mwa manambala.

Tikaika zotsatira pamndandanda, zimene zimatuluka zimandigwira mtima nthawi zonse. Pa mavolti 50 kachivindikiro kamatsika magawo 4 okha. Pa 90 kamatsika 18. Pa 99 kamatsika 28. Pa 100 kamafika 33, gawo limodzi la magawo atatu a mpata, ndipo magawo 67 otsalawo kamawadutsa kamodzin'kamodzi. Khalidwe limeneli analifotokoza Harvey Nathanson ndi anzake a ku Westinghouse mu 1967. Amene wangoona theka loyamba la ulendo sangaganize kuti kutsogolo kuli phompho. Akhoza kunena kuti poti mavolti 50 asuntha magawo 4 okha, malo akadalipo ambiri. Maso ake sanamunamize, koma aona pafupi pokha. Masamu amaona mpaka kumene maso sanafike.

Wina angafunse kuti bwanji osangokhala kutali ndi malire, pa mavolti 50, pamene palibe choopsa. Yankho lake ndi lakuti kumeneko kang'oma kamakhala kogontha. Kakayandikira malire, kukoka kwa magetsi kumadya mbali ina ya kuuma kwake, kamafewa, ndipo kamawu kakang'onong'ono kobwerera kuchokera ku mtima wa mwana kamakagwedeza mokwanira. N'chifukwa chake mainjiniya kawirikawiri amaimika mavolti pa 80 kapena 90 pa 100 a malire. Makolo amati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Apa mwambiwu uli ndi manambala ake: liwu labwino lili pafupi ndi kugwa, ndipo luso ndi kudziwa kuti ufike pati n'kuima. Ena, monga akatswiri a kampani ya Philips, anasankha kukagwetsa dala kuti pakati pamatirire pansi, mbali zozungulira zokha n'kumanjenjemera. Nawonso sangatero popanda kudziwa malirewo bwinobwino.

Za pa bolodi zija ndi chiyambi chabe. Nembanemba yeniyeni si yafulati yopachikidwa pa sipuling'i. Ndi yogwiridwa m'mphepete monse, imapindika kwambiri pakati ndipo m'mbali simasuntha. Popeza pansi pake palibe mpweya, mpweya wa kunja umaikanikiza ngakhale magetsi asanayatsidwe. Thupi la munthu limene yagundana nalo limailemetsa. Ting'oma toyandikana timagwedezana. Zonsezi choko sichingazithe. Kompyuta imadula nembanemba m'tizigawo masauzande, n'kuwerengera kukoka kwa magetsi pa kagawo kalikonse, mmene kagawoko kapindikire, ndi mmene kakokere tinzake toyandikana nako. Ikamaliza imayambiranso ndi mipata yatsopano, monga tinkachitira m'kalasi muja, mpaka manambala ataima kapena atathawa. Njira imeneyi imatchedwa finite element, dzina limene anaipatsa Ray Clough wa ku Berkeley mu 1960. Ikagwiritsidwa ntchito pa nembanemba yozungulira, imaonetsa kuti kugwa kumabwera pakati pakatsika pafupifupi theka la mpata, osati gawo limodzi la magawo atatu.

Imaonetsanso chimene chimachititsa mantha. Kuuma kwa nembanemba kumatsata kuchindikala kwake kochulukitsidwa katatu, ndipo kupindika kwake kumatsata m'lifupi mwake mochulukitsidwa kanayi. Mukawirikiza m'lifupi kawiri, imapindika ka 16. Ikapyapyala ndi magawo 10 okha pa 100, kuuma kwake kumatsika ndi magawo 27, ndipo malire ake a kugwa amachoka pa 100 kufika pafupifupi 85. Tsono kumbukirani kuti ting'oma tambirimbiri timapatsidwa mavolti ofanana. Mavolti 90 amene ali abwino kwa kang'oma kopangidwa molondola agwetsa kanzake kamene kanapyapyala pang'ono m'fakitale. Injiniya wosamala amayerekezera kang'oma kangwiro, kenako kopyapyala, kochindikala, kotentha, ndi kamene kagwira ntchito zaka mpaka magetsi ena atsalira m'khungu lake lotchinga n'kusuntha malire. Amagwetsa ting'oma mazanamazana pa kompyuta kuti pasadzagwe kamodzi pamimba ya mayi.

Masamu a kupindika kwa zinthu zopyapyala ali ndi mbiri imene ndimakonda kuuza atsikana a m'kalasi mwanga. Mmodzi wa amene anawayambitsa ndi Sophie Germain wa ku Paris. M'nthawi yake akazi sankaloledwa kuphunzira pa École Polytechnique, choncho ankapeza zolemba za aphunzitsi n'kumatumiza mayankho ake m'dzina la mwamuna. Mu 1816 anapata mphotho ya bungwe la sayansi la ku Paris chifukwa cha ntchito yake pa nkhani yomweyi, ndipo Gustav Kirchhoff anadzailongosola mu 1850. Iwo sankadziwa za sikani. Koma mayi wa kwa Kakumbi akadzaona mtima wa mwana wake ukugunda pa foni, mbali ina ya chithunzicho idzakhala yochokera kwa mkazi amene anakanizidwa sukulu.

Dziko lathu lili kale m'nkhaniyi. Kuyambira mu 2018, akatswiri a University of Zambia ndi a University of North Carolina, motsogoleredwa ndi Jeffrey Stringer, akhala akuchita kafukufuku wotchedwa FAMLI ku Lusaka ndi ku Chapel Hill, ndi thandizo la Bill & Melinda Gates Foundation. Anaphunzitsa kompyuta kudziwa msinkhu wa mimba kuchokera ku zithunzi zimene munthu wosaphunzira sikani watenga pongoyendetsa chida pamimba m'mizere yoikika. Zotsatira zimene anafalitsa mu 2024, za amayi 400, zinaonetsa kuti chida cha Butterfly chokhala ndi pulogalamuyo chinkaphonya ndi masiku pafupifupi 3, mofanana ndi katswiri wa makina aakulu. Amayi a ku Lusaka anapereka mimba zawo kuti zijambulidwe, ndipo chifukwa cha iwo mzamba wa kumudzi angathe kudziwa tsiku la mayi popanda kudikira dokotala.

Pamenepa ndi pamene ndimaona kuti injiniya ndi mzamba akugwira ntchito imodzi. Onse akufuna kuoneratu. Injiniya akufuna kuona kugwa kwa nembanemba isanapangidwe, mzamba akufuna kuona mwana wopingasa matenda asanayambe. Onse akudziwa kuti zinthu zimatha kuoneka bwino mpaka mphindi yomaliza, kenako n'kusintha kamodzin'kamodzi, ndipo kuti nthawi yokhayo yothandiza ndi ija pamene palibe chikupweteka. Ndimaona kuti ntchito yotere ndi chikondi, ngakhale ikuchitikira pa kompyuta, kutali, ndi munthu amene sadzaona nkhope ya mayi amene wamuthandiza.

Komabe kompyuta imadziwa zokhazo zimene mwaiuza. Isanayambe kuwerengera, munthu ayenera kulemba kutentha kwa chipinda, nthawi imene chida chidzagwire ntchito chisanapumule, ndi zina zotero. Manambala amenewa amachokera m'mutu mwa wolembayo, ndipo mutu wa munthu umadzala ndi kumene amakhala. Nachi chitsanzo. Malamulo a dziko lonse okhudza zida za sikani amati mbali imene imakhudza khungu la wodwala isatenthe kupyola madigiri 43. Chida cham'manja chili ndi batire ndi zamagetsi zake zonse m'kati, choncho chimadzitenthetsa chokha, ndipo chikayandikira malire chimayenera kupuma. M'chipinda chozizira cha madigiri 22 pali danga la madigiri 21. Kuno mu Okutobala, masana, pansi pa denga la malata, mpweya wokha umapyola madigiri 40. Danga limatsala la madigiri awiri kapena atatu, pamene panja pali amayi makumi angapo amene ayenda kuyambira mbandakucha. Funso lakuti chida chijambula amayi angati chisanatope ndi funso la masamu, loyankhika pa kompyuta, koma liyenera kukhala ndi wolifunsa. Momwemonso fumbi la mu Seputembala, chinyezi cha mu Januwale, batire yodzazidwa ndi sola, ndi kugwedezeka kwa njinga yamoto pa msewu wa makwinya.

Sindikunena kuti opanga zida saganiza za ife. Ambiri akuyesetsa, ndipo kafukufuku wa ku Lusaka ndi umboni. Ndikunena kuti amene anakulira m'kutentha kumeneku sangaiwale kukulemba. Sachita kukumbutsidwa.

Ndiyeneranso kunena chimene ting'oma sitingachite. Kuona kuti nsengwa yatseka njira sikuchotsa nsengwayo. Pafunika galimoto yonyamula mayi kupita ku Kamoto kapena ku Chipata, nyumba yodikirira yokhala ndi chakudya, magazi m'firiji, dokotala wa opaleshoni, ndi mwamuna kapena apongozi ovomera kuti mayi achoke pakhomo nthawi ya kupalira. Anthu odzipereka a magulu a SMAG, amene amayenda m'midzi kukumbutsa amayi za sikelo, ndi ofunika chimodzimodzi ndi chida chilichonse. Alamu anga amanena kuti chithunzi chopanda galimoto chimangowonjezera nkhawa, ndipo ndimawamva. Koma amanenanso kuti nkhawa ya mu Novembala ndi yabwino kuposa maliro a mu Febuluwale, chifukwa ya mu Novembala imapatsa banja nthawi yosonkha ndalama ndi yopeza wotsala ndi ana.

Fakitale yosema ting'oma totere kuno tilibe, ndipo kuimanga si nkhani ya chaka chamawa. Koma mbali ya ntchito imene ndafotokozayi sifuna fakitale. Mapulogalamu otchuka monga COMSOL ndi ANSYS ndi odula, koma ilipo ina yaulere, monga Elmer ya ku Finland, imene imayenda pa laputopu wamba. Laputopu yanga ndi yakale, ndimaidzaza ndi sola, ndipo imatha kupinda nembanemba ya manambala mpaka kuigwetsa. Masamu ofunika poyambira ali kale m'mabuku a sekondale. University of Zambia ku Lusaka ndi Copperbelt University ku Kitwe zimaphunzitsa mainjiniya chaka ndi chaka. Chosowa ndi mwana woti amve kuti nkhani zimenezi n'zake.

Ana athu amakula akuona alendo ochokera kutali akutsika ndege ku Mfuwe ndi makamera aatali, ndipo ambiri amaganiza kuti zinthu zanzeru zimabwera ndi ndege, ife kwathu n'kulandira ndi kuthokoza. Maganizo amenewa ndi amene ndimalimbana nawo ndikaima pa bolodi. Mwana amene wawerengera yekha 16, 23, 28 mpaka 134 wagwira ndi manja ake funso lomwelo limene anthu a ku Stanford analimbana nalo, ndipo walipeza kuti ndi la msinkhu wake. Mtsikana uja wa 134 anabweranso tsiku lina ataweruka nandifunsa, "Aphunzitsi, nanga tikaikamo kutentha kwa kuno, malire asuntha bwanji?" Tinatsegula laputopu n'kuyamba kufufuza mmene silikoni imasinthira ikatentha.

Ndikufuna sukulu zathu za m'chigwa zikhale ndi malaputopu ogwira ntchito ndi aphunzitsi a masamu okhazikika. Ndikufuna makolo a kwa Jumbe ndi kwa Mnkhanya asamachotse mtsikana pa sukulu pamene wangoyamba kumva kukoma kwa manambala. Ndikufuna zida za sikani zifike pa kachipatala kalikonse pamodzi ndi maphunziro a azamba ndi mafuta a ambulansi. Ndipo pamene chida chotsatira chizidzakonzedwa, kaya ku Lusaka kaya kutsidya kwa nyanja, ndikufuna pakati pa olemba manambala m'kompyuta padzakhale mwana wa ku Mambwe, wodziwa kutentha kwa Okutobala ndi kutalika kwa mzere wa pa sikelo, amene adzaumirire kuti zimenezi ziwerengedwe chida chisanapite ku fakitale.